Chithandizo chosiyitsa mankhwala ozunguza bongo ku Illinois: ntchito ndi yabwino, koma mwayi wolowa umadalira bajeti

Ndemanga iyi ndi ya chithandizo chimene boma la chigawo cha Illinois, ku America, limalipirira anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pamene iwo alibe ndalama kapena inshulansi. Ndinachidziwa poperekeza mwana wa achemwali anga, amene anakodwa ndi heroin, kumalo ena m'dera la Chicago oyendetsedwa ndi bungwe losachita malonda lomwe lili pa mgwirizano ndi boma. Tinapitako koyamba mu 2016, chigawochi chilibe bajeti, ndipo tinabwererako patapita zaka zingapo zinthu zitasintha. Malowo sindiwatchula dzina, pakuti zofooka zimene ndinaona kumeneko gwero lake linali ku Springfield, kumene kumakhala nyumba ya malamulo ya chigawochi. Chimene ndinapeza n'chakuti chithandizocho n'chabwino ndipo chimapulumutsa moyo munthu akangolowa, koma m'zaka zimene aphungu ndi abwanamkubwa ankadula kapena kuchedwetsa ndalama, kulowako kunali kovuta moti ambiri ankabwerera asanafike pabedi.

Owerenga amene sakhala kuno ayenera kudziwa kaye kuti boma la Illinois siliyendetsa lokha malo ambiri otere. Limasainirana mgwirizano ndi mabungwe monga Haymarket Center, limene linakhazikitsidwa ku Chicago mu 1975 ndi Monsignor Ignatius McDermott pamodzi ndi Dr. James West, kapena Gateway Foundation limene linayamba mu 1968, kapenanso Rosecrance la ku Rockford, ndipo mabungwewo amagwira ntchito kaye kenako n'kutumiza bilu. Ndalama zimachokera ku Medicaid, imene ndi inshulansi ya boma ya anthu opeza zochepa, ku thumba la boma lalikulu la ku Washington, ndi ku bajeti ya chigawo yeniyeniyo. Gawo lomalizali ndi limene limalipirira munthu amene sali pa Medicaid. Mnyamata wathu anali m'gulu limeneli, chifukwa munthu wamkulu amene wangolandira green card, chilolezo chokhazikika ku America, amayenera kudikira zaka 5 asanaloledwe pa Medicaid, ndipo iye zakazo zinali zisanakwane. Mabanja athu ambiri obwera kuchokera kwathu ali pamalo omwewo, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya bajeti ya chigawo imatikhudza kwambiri kuposa mmene timaganizira.

Kulandira alendo kunali kwaulemu kuyambira pa foni yoyamba. Mayi amene anatiyankha sanafunse mafunso onyazitsa, sanafune kudziwa kuti makolo anali kuti pamene mwana ankalowerera, ndipo anafotokoza modekha kuti choyamba ndi kuyezedwa ndi mlangizi kuti aone mlingo wa chithandizo chofunika. Kuyezako kunatenga nthawi yaitali ndithu: anafunsa mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwake patsiku, ngati ankadzibaya jekeseni kapena kukoka m'mphuno, matenda ena a m'thupi, nkhawa, maganizo ofuna kudzipha, ndi kumene amagona. Mlangiziyo anapempha mnyamatayo kuti asankhe yekha ngati ine ndikhalemo m'chipindamo, ndipo atasankha kuti ndituluke, mlangizi anandiuza mwaulemu kuti malamulo osunga chinsinsi pa chithandizo chotere ndi okhwima ndipo sangandiuze kanthu popanda chilolezo cholembedwa. Zinandiwawa monga malume, koma ndinaona pambuyo pake kuti n'zimene zinamuthandiza kunena zoona zonse.

Vuto linayamba atamaliza kuyeza. Mlangizi ananena mosabisa kuti mnyamatayo ankafunika kugonekedwa, poyamba m'gawo la detox kumene amachotsa mankhwala m'thupi moyang'aniridwa ndi anamwino, kenako m'nyumba yachithandizo kwa milungu ingapo, koma mabedi olipiridwa ndi chigawo anali atachepetsedwa ndipo otsalawo anali odzaza. Anatilemba pamndandanda wodikira, natiuza kuti tiziimba foni m'mawa uliwonse kuti dzina lisafufutidwe. Tinadikira milungu. Amene sanakhalepo ndi munthu wokodwa ndi heroin angaone ngati milungu ingapo si kanthu, poti kuchipatala kulikonse anthu amadikira. Matendawa ali ndi khalidwe lake. Munthu akasiya heroin, pakangopita maola ochepa thupi limayamba kuphwanya, kutuluka thukuta, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo zimafika poipa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Chibaba chimakhala chachikulu moti mtima wofuna kusiya, umene mwina wabwera pambuyo pa miyezi yambiri ya kupempha ndi kulira kwa banja, umatha kuzimiririka tsiku lomwelo. Kumuuza munthu wotere kuti abwere mwezi wamawa n'kumubweza kwa wogulitsa, ndipo m'zaka zimenezo heroin wa m'misewu ya Chicago anali atayamba kusakanizidwa ndi fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya heroin kutalitali. Tsiku lililonse la pamndandanda linali tsiku limene akanatha kufa, ndipo antchito a pamalopo ankadziwa zimenezi kuposa ife.

Mndandanda umenewu unali ndi mbiri yake. Mu Julaye 2008, bwanamkubwa Rod Blagojevich anachotsa madola 55 miliyoni pa ndalama za chithandizo chosiyitsa mowa ndi mankhwala, ndipo ngakhale aphungu anazibwezeretsa chakumapeto kwa chaka chomwecho, mabungwe anali atachotsa kale antchito ndi kutseka zipinda. Mu Febuluwale 2011, boma la Pat Quinn linalengeza kuti lisiya kulipirira onse amene sali pa Medicaid, kenako linabwerera m'mbuyo anthu atadandaula, koma kudula pang'onopang'ono kunapitirira bajeti ndi bajeti. Kafukufuku wa Illinois Consortium on Drug Policy, wa pa Roosevelt University, amene anatuluka mu Ogasiti 2015, anapeza kuti pakati pa 2007 ndi 2012 chiwerengero cha anthu olandira chithandizo cholipiridwa ndi boma ku Illinois chinatsika kuposa theka, ndipo chigawochi chinachoka pa nambala 28 n'kufika pagulu la zigawo zitatu zapansi kwambiri m'dziko lonse. Zimenezi zinachitika pansi pa abwanamkubwa a chipani cha Democratic ndi nyumba ya malamulo ya chipani chomwecho, choncho amene amafuna kukankhira mlandu wonse ku chipani chimodzi sakunena zoona zonse.

Kenako panabwera mkangano waukulu. Bruce Rauner wa chipani cha Republican, amene analowa pampando mu Januwale 2015, ankafuna kusintha malamulo ena, makamaka okhudza mabungwe a antchito, asanavomere kukweza misonkho, pamene Michael Madigan, sipikala wa nyumba ya aphungu, ndi aphungu a Democratic anakana kuphatikiza nkhani ziwirizi. Chaka cha boma chinayamba pa 1 Julaye 2015 popanda bajeti, ndipo bajeti yathunthu sinapezeke mpaka pa 6 Julaye 2017, pamene aphungu anapambana chikano cha bwanamkubwa ndi kukweza msonkho wa malipiro kuchoka pa 3.75 peresenti kufika pa 4.95 peresenti. Chimene chimandipweteka m'nkhaniyi n'chakuti boma silinaime. Makhothi analamula kuti antchito a boma azilipidwa, ngongole ndi mapenshoni zinali ndi malamulo ake ozilipirira, masukulu a ana anapatsidwa bajeti yawo, ndipo ndalama zambiri zinapitirira kutuluka monga kale. Amene anatsala opanda chowateteza anali mayunivesite ndi mabungwe othandiza anthu. Boma linkawasainitsa mgwirizano, n'kumayembekezera kuti agwire ntchito yonse, koma silinkawalipira chifukwa aphungu sanapereke chilolezo chotulutsira ndalamazo. Zinali ngati waganyu amene wauzidwa kuti alime munda wonse, adzigulire yekha khasu ndi chakudya, ndipo malipiro adzawaona eni munda akadzamaliza kukangana.

Zotsatira zake zinaonekera poyera. Mu Januwale 2016, Lutheran Social Services of Illinois, limodzi mwa mabungwe aakulu othandiza anthu m'chigawochi, linalengeza kuti likutseka mapulogalamu oposa 30 ndi kuchotsa antchito 750, chifukwa boma linali ndi ngongole yoposa madola 6 miliyoni kwa iwo; anthu pafupifupi 4,700 anataya chithandizo, ndipo ena mwa mapulogalamuwo anali osiyitsa mowa ndi mankhwala. Mabungwe ambiri anagwirizana pansi pa dzina la Pay Now Illinois ndi kukasuma kukhothi mu 2016, koma mlandu wawo sunaphule kanthu. Mu 2017 Wells Center ya ku Jacksonville, imene inatumikira anthu a m'madera akumidzi a pakati pa chigawochi kwa zaka zambiri, inatsekedwa. Ngongole zosalipidwa za boma zinafika pa madola pafupifupi 15 biliyoni pamene mkanganowo unkatha. M'nyengo yomweyo imfa zinkakwera: unduna wa zaumoyo wa chigawochi unawerengera anthu 1,946 omwalira ndi mankhwala a mtundu wa opioid, gulu limene muli heroin ndi fentanyl, mu 2016, kuchoka pa 1,072 mu 2013.

Ndiyenera kunena chabwino chimene aphungu anachita pakati pa zonsezi. Mu Seputembala 2015 anakhazikitsa lamulo la Heroin Crisis Act, atapambana zosintha zimene bwanamkubwa anafuna kuchitapo. Lamuloli linalamula Medicaid kulipirira mankhwala onse ovomerezeka osiyitsira opioid, kuphatikizapo methadone, ndiponso linafewetsa kapezedwe ka naloxone, mankhwala amene amatsitsimutsa munthu wokomoka ndi heroin. Linali lamulo labwino, koma linafika m'chigawo chimene mabungwe oyenera kuligwiritsa ntchito ankakongola kubanki kuti alipire antchito awo.

Bedi litapezeka, ndinaona chifukwa chake ndikutcha chithandizochi chabwino. Anamwino ankamuyang'anira usana ndi usiku masiku oyambirira, dokotala anamuyambitsa buprenorphine, mankhwala ochepetsa chibaba cha heroin, ndipo mlangizi anakhala nafe pansi, mnyamatayo atavomereza, kuti atifotokozere zimene ife a m'banja sitinkafuna kumva. Ife tinkaganiza kuti kuchira ndi kusiyiratu mankhwala a mtundu uliwonse, ndipo achemwali anga ankaona kuti kumupatsa mankhwala ena n'kungosinthanitsa goli. Mlangizi anafotokoza kuti munthu amene wangochotsedwa heroin m'thupi n'kutulutsidwa popanda china amakhala pangozi yaikulu kuposa kale, chifukwa thupi limaiwala mlingo umene linazolowera, ndipo akabwerera n'kutenga mlingo wakalewo mpweya umaima. Methadone ndi buprenorphine zimachepetsa chibaba popanda kuledzeretsa munthu amene akumwa mlingo woyenera, ndipo kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti zimachepetsa imfa ndi pafupifupi theka. Anatiphunzitsanso kuzindikira munthu wokomoka, milomo yakuda ndi mpweya wochepa, ndi kumupatsa naloxone tisanaimbe 911, nambala yoitanira thandizo ladzidzidzi. Pa mbali iyi Chicago ili ndi mbiri yonyaditsa, pakuti Chicago Recovery Alliance, motsogozedwa ndi Dan Bigg, inayamba kugawa naloxone kwa anthu wamba mu 1996, pamene ambiri ankaona kuti zimenezi n'kulimbikitsa khalidwe loipa.

Chakudya chinali chapakatikati, zipinda zinali zaukhondo koma zakale, ndipo nthawi yochezera odwala inali yochepa, izi sindizidandaula. Chimene ndimadandaula ndi kusinthasintha kwa alangizi. M'nthawi yochepa imene mnyamatayo anakhala m'manja mwawo, mlangizi wake woyamba anachoka kukagwira ntchito kwina, wachiwiri anapatsidwa anthu ambiri moti ankangomuona mothamanga, ndipo nthawi iliyonse mnyamatayo ankayenera kufotokozanso mbiri yake kuyambira pachiyambi. Kwa munthu amene wazolowera kubisa ndi kunama, kutsegula mtima kwa munthu mmodzi ndi ntchito yaikulu, ndipo kuchita zimenezi kachiwiri kwa mlendo kumafooketsa. Sindingawaimbe mlandu alangiziwo. Malipiro awo anali ochepa kale, ndipo palibe amene angakhale pamalo pamene sakudziwa ngati mwezi wamawa adzalandira. Chithandizo cha pambuyo potuluka chinalinso chofooka kwambiri: nyumba zokhalamo anthu ochira zinali zodzaza, wothandiza kupeza ntchito anali atachotsedwa, ndipo thandizo la thiransipoti lopitira kukaonana ndi dokotala linali litatha. Zinthu zing'onozing'ono zoterezi ndi zimene bungwe limadula poyamba likafuna kupulumutsa mabedi, koma ndi zomwezo zimene zimamusunga munthu m'miyezi yoyamba ali kunja. Mnyamata wathu anagwanso chaka chisanathe. Kugwanso n'kofala pa matendawa, ndipo sindinganene kuti bajeti ndi imene inamugwetsa, koma panthawi imene ankafunika munthu womugwira dzanja, ntchito ya munthuyo inali itathetsedwa.

Mbali ya kupewa ndiyo imavutika mwakachetechete. Kumayambiriro kwa Epulo 2015, mkangano waukulu usanayambe n'komwe, boma linaimitsa mwadzidzidzi ndalama zokwana madola 26 miliyoni za mapulogalamu osiyanasiyana, ndipo m'gululi munali Teen REACH, imene imasunga achinyamata akaweruka kusukulu, pamodzi ndi ntchito zopewera kuzolowera mankhwala. Ndalamazo zinabwezedwa patapita milungu, koma Teen REACH inakhalanso yopanda ndalama m'nyengo yopanda bajeti ija, ndipo malo ambiri anatseka. Bedi likatsekedwa pamakhala mayi woimba foni akulira, ndipo atolankhani amalemba. Pulogalamu ya achinyamata ikatsekedwa palibe amene angaloze mwana n'kunena kuti uyu ndi amene watayika. N'chifukwa chake aphungu amaiona ngati yosavuta kudula. Ndimakhulupirira kuti ndi kulakwitsa kwakukulu ngakhale kwa munthu amene amangowerengera ndalama, pakuti National Institute on Drug Abuse, nthambi ya boma la America yofufuza za mankhwala ozunguza bongo, inanena kuti dola iliyonse yoikidwa pa chithandizo imabweza madola 4 mpaka 7 pochepetsa umbanda ndi zolipira kumakhothi ndi kundende, ndipo munthu amene sanapeze bedi amakathera m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi kapena kundende ya Cook County, dera limene muli Chicago, kumene boma limalipirabe.

Titabwererako patapita zaka, chithandizo chinali chosiyana kwambiri, ngakhale nyumba ndi makonde zinali zomwezo. Panthawiyi mnyamatayo anali atayenerera Medicaid, imene Illinois inaikulitsa kuyambira mu Januwale 2014 kuti ifikire akuluakulu opanda ana. Mu Disembala 2017 chigawochi chinatsegula foni yothandiza ya Illinois Helpline, pa nambala 833-234-6343, imene imayankhidwa usana ndi usiku ndipo imauza munthu malo amene angamulandire. Tinaigwiritsa ntchito ndipo inatipulumutsa ku ntchito yoimbira malo amodzi amodzi. Mu 2018 boma la ku Washington linavomereza kuti Medicaid ya Illinois izilipirira kugonekedwa m'malo okhala ndi mabedi oposa 16, zimene lamulo lakale linkaletsa. Anamulandira mwamsanga, anayambiranso buprenorphine asanagonekedwe n'komwe, ndipo anapatsidwa mlangizi amene naye anachirapo kale, yemwe ankamuimbira foni ngakhale atatuluka. Kuyambira mu 2023 dokotala aliyense wololedwa kulemba mankhwala otere akhoza kulemba buprenorphine popanda chiphaso chapadera, ndipo Narcan, amene ndi naloxone wopopera m'mphuno, amagulidwa m'famase popanda kalata ya dokotala.

Komabe sindinganene kuti zonse zili bwino. Imfa za opioid ku Illinois zinaposa 3,000 mu 2021, makamaka chifukwa cha fentanyl, ndipo malo amene anatsekedwa m'zaka zoipa sanatsegukenso onse, makamaka kum'mwera ndi pakati pa chigawochi kumene munthu amayenda mtunda wautali kuti akapeze methadone, imene poyamba imamwedwa pamaso pa namwino pafupifupi tsiku lililonse. Bungwe likhoza kutseka chipinda m'sabata imodzi, koma kupezanso chiphaso, anamwino ndi alangizi odziwa ntchito kumatenga zaka. Ndalama zatsopano zilipo: chamba chitaloledwa pa 1 Januwale 2020, lamulo linapatula 20 peresenti ya msonkho wake wotsala kuti ipite ku chithandizo cha matenda a maganizo ndi chosiyitsa mankhwala, ndipo chigawochi chikulandira pafupifupi madola 760 miliyoni pa zaka 18 kuchokera pa mgwirizano wothetsa mlandu wokhudza opioid wa Johnson & Johnson ndi makampani atatu ogawa mankhwala. Nkhawa yanga ndi yakuti aphungu akhoza kuona ndalama zimenezi ngati chifukwa chochepetsera zimene amapereka kuchokera m'thumba lalikulu la chigawo. Za mlanduzo zidzatha, ndipo Medicaid imadalira zigamulo za ku Washington zimene zimasintha ndi masankho.

Kwa banja la ku Illinois limene lili ndi mwana, mwamuna kapena mkazi wokodwa, ndikulimbikitsa chithandizochi ndi mtima wonse, ndipo musachedwe chifukwa cha manyazi kapena kuopa kuti anthu a kumpingo ndi akwathu amva. Imbani foni ya Helpline tsiku lomwelo limene munthuyo wavomera, ndipo ngati akana, mukhoza kuimbabe inu kuti akulangizeni. Funsani mwachindunji ngati malowo amapereka buprenorphine kapena methadone, chifukwa si onse amene amatero, ndipo malo amene amangochotsa mankhwala m'thupi n'kutulutsa munthu wa opioid popanda dongosolo lina sindingawavomereze. Ngati wodwalayo sali pa Medicaid, funsani ngati ali ndi mabedi olipiridwa ndi chigawo kudzera ku Department of Human Services, unduna wa chigawo woona zothandiza anthu, ndipo lembetsani dzina m'malo angapo nthawi imodzi. Funsaninso, asanagonekedwe, kuti akadzatuluka adzamuona ndani, kangati, ndipo adzagona kuti. Naloxone ikhale m'nyumba kuyambira lero, ndipo aliyense wa m'nyumbamo adziwe pamene ili ndi mmene amaipopera. Amene ali ndi ufulu wovota azitsatira zokambirana za bajeti m'mwezi wa Meyi, pamene aphungu a ku Springfield amamaliza ntchitoyi chaka cha boma chisanayambe pa 1 Julaye, ndipo aziimbira ofesi ya phungu wa dera lawo kufunsa kuti mzere wa chithandizo ndi wa kupewa waikidwa ndalama zingati poyerekeza ndi chaka chatha.